Ubani wa Apongozi ndi Kambale ka Kudenga

Mlongo wanga atabwerako ku Joni anabwera ndi zinthu ziwiri zimene sindinazikonde: ndevu zodula ngati mpanda wa maluwa, ndi kandudu ka batire kamene iye ankati vepu. Ndevuzo ndinazisiya, nkhope ndi yake. Koma kanduduko tinakanganirana tsiku lomwelo, zikwama asanamasule n'komwe. Anakhala pakhonde pathu pa Ulongwe, n'kukoka kamodzi, n'kutulutsa chimtambo chonunkhira ngati switi za ana.

"Achemwali, uyu si fodya," anatero. "Ndi nthunzi chabe."

"Nthunzi ya chiyani? Waphika chiyani m'kamwamo?"

Mwanayu ndinamulera ndine. Makolo athu atamwalira iye anali asanayambe sukulu, ine ndinali nditangoyamba kugulitsa mpunga pamsika. Ndiye ndikamalankhula naye sindisankha mawu, ngakhale lero ali ndi nyumba yake ndi ana ake.

Mtsikana amene anamupeza anali wa ku Nselema koma ankasoka zovala pa Liwonde. Mwana wabwino, wa ulemu, ndipo ine nditangomuona ndinati uyu yekha tisamuphonye. Vuto linali bambo ake. Bambowo unyamata wawo wonse unathera m'zigafa za fodya m'maesiteti, ndipo anabwerako ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka lero. Tsiku limene amalume athu anapita kukatula nkhani ya ukwati, bambowo sanazungulire.

"Mwana wanga ndimupereka," anatero. "Koma kwa munthu wosuta, iyayi. Ine fodya wandithera chifuwa ndisanamuike n'komwe pakamwa. Ndikadzangomva kuti mnyamatayo wasuta, kaya ndi tsiku la ukwati lenilenilo, ndidzatenga mwana wanga n'kubwerera naye kwathu."

Amalume anayesa kufunsa za kandudu ka batire kaja, poti akuti si fodya weniweni. Bambowo anangoti, "Chofuka chilichonse." Nkhani inathera pomwepo.

Mlongo wanga analumbira, ndipo anasiyadi. Mboni ndine, chifukwa amene anavutika ndi kusiyako ndine. Munthu ankapsa mtima ndi chilichonse, chitseko chikalira, mbuzi ikalira, ine ndikalankhula. Nzimbe anatafuna zosati n'kunena, pabwalo panga panachita kuyera ndi makoko. Koma kanduduko sanakataye. Kankangokhala m'thumba la buluku, ndipo ndinkamuona akukasisita ndi chala. Ndikamukalipira ankati, "Sindikukoka, achemwali. Ndikangokagwira mtima umakhala pansi." Ine ndinkangopukusa mutu.

Nikah, womwe ndi ukwati wathu wa kumzikiti, anakonza kuti uchitikire pa Liwonde, pakati pa ife ndi a ku Nselema, kenako phwando muholo ya loji ina yatsopano. Mu lojimo anatengamonso zipinda ziwiri zoyang'anizana ndi bwalo la kumbuyo, china cha mkwati, china cha mkwatibwi ndi azimayi akwawo. Pa nikah mawu omaliza amakhala a bambo a mtsikana. Iwo akapanda kuvomera pamaso pa shehe, palibe chimene chachitika, olo mpunga utapsa kale.

Tinafika madzulo a tsiku loti mawa lake ndi ukwati, dzuwa likadali lotentha monga mudziwira Liwonde mwezi wa Okutobala. Ndinalowa m'chipinda cha mlongo wanga kukamusiyira kanzu yake, mkanjo woyera wa ukwati, n'kumupeza wagona chagada, maso ali kudenga.

"Mwakaona kambale kaja?" anandifunsa.

Kunali kambale koyera, komata kudenga pafupi ndi babu, kali ndi kanyali kofiira kamene kankaphethira apo ndi apo. Ine ndinkayesa ndi ka wayilesi.

"Ndi alamu ya moto imeneyo," anatero. Iye ku Joni ankagwira ntchito yokonza zipinda muhotela, ndiye zinthu zimenezi ankazidziwa. "Kameneka kalibe mphuno, kali ndi diso. Sikanunkhiza kuti uyu ndi fodya, iyi ndi switi. Kakangoona kuti mpweya wachita mbuu, basi kakuwa. Kuja tinkathamangitsidwa nako kawirikawiri. Wina wakoka vepu atatseka mazenera, wina wasamba madzi otentha chitseko cha bafa chili chotsegula, hotela yonse panja."

"Aa! Si iwe unkandiuza kuti ndi nthunzi chabe?"

"Kwa ine ndi nthunzi. Kwa kambaleka n'chimodzimodzi."

Ndinaseka mpaka kukhala pabedi. Miyezi yonse ija ndikulimbana naye osagonja, lero wagonjera kambale ka pulasitiki! Koma iye sanaseke. Anapisa m'thumba, n'kutulutsa kandudu kaja, n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Mawa mtima udzandithamanga. Sindikudzikhulupirira. Sungani inu."

Ndinakakulunga m'kampango n'kukaponya pansi penipeni pa chikwama changa. Kunena zoona ndinamunyadira mwanayo, ngakhale sindinamuuze.

Tsopano ndinene za mayi a mtsikana. Ndi mayi wamng'ono thupi, wa mawu apansipansi, woti mwamuna wake akatsokomola iye amadzidzimuka. Ndi mlongo wanga anali asanalankhulanepo liwu ndi limodzi lomwe, ndipo si chifukwa cha chidani. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi amapewana. Akakumana panjira wina amapatuka, mayi amakoka mpango kuphimba nkhope, ndipo ngati pali mawu amadzera mwa munthu wina. Ndi ulemu umenewo, ndipo a ku Nselema amausunga kwambiri.

Mayiwa anabwera ndi chinthu chimene amuna awo anawaletsa. Kwathu mkwatibwi savala zovala zosafukiza. Amatenga makala a moto pang'ono n'kuika m'phale, n'kuwazapo ubani, n'kuvundikira ndi dengu, kenako zovala n'kuziyala pamwamba pa dengupo kuti utsi ulowe mu ulusi uliwonse. Mazenera amatseka, chitseko amatseka, kuti fungo lisathawe komanso amuna asaone. Amayi athu anachitiridwa zimenezo, inenso ndinachitiridwa. Koma bambo aja, pofuna kuoneka bwino pamaso pa anthu a m'tauni, anali atanena kuti za kumudzi zitsale kumudzi, kuli mafuta onunkhira a m'botolo. Mayiwo anavomera ndi pakamwa, koma phale, makala ndi ubani anazibisa pansi pa dengu la ziwiya. Mwana wawo wamkazi ndi mmodzi yekhayo, akanamulola bwanji kupita kwa mwamuna ndi zovala zonunkha shopu?

Mlongo wanga anandiuza pambuyo pake kuti makalawo anawaona potsitsa katundu m'galimoto. Anangowakankhira mkati kuti bambo aja asawaone. Ankayesa akafukizira panja, kuseri kwa khitchini. Ndipo olo akanafuna kuwachenjeza za kambale, akanayamba bwanji, munthu woti sangawapatse n'moni womwe?

M'mawa wa tsiku la ukwati ine ndinali kuseri ndi azimayi ophika, ndikukangana nawo za madzi a mpunga. Mpunga ndimagulitsa ndine, ndiye munthu asandiuze kuti kilombero amafuna madzi ambiri. Ndili pakati pokalipa choncho, kunangomveka chiphokoso chimene sindinachimvepo chibadwire. Chinkalira ngati chikuboola m'makutu, osapuma. Mayi wina anataya chikombe n'kuthawira kuchimbudzi. Alonda ankakuwa kuti moto, moto, aliyense panja!

Posakhalitsa tonse tinali pabwalo. Panali ife a ukwati, panalinso anthu ena amene anabwera ku msonkhano wa ntchito, atakoleka timakadi m'khosi, ena atanyamula makapu a tiyi. Mkwatibwi anamutulutsa atamufunditsa chitenje kuyambira kumutu mpaka kumapazi, azakhali ake atamugwira uku ndi uku. Moto sunkaoneka paliponse.

Azimayi a ku Nselema atangondidutsa, ndinadziwa. Ine mphuno yanga sinama. Ubani unkachita kutuluka m'zitenje zawo. Ndinayang'ana mayi aja, ndinawaona atakhala pansi m'mbali mwa khoma, miyendo atatambasula.

Bwana wa lojiyo anatulukira atathimitsa chiphokosocho. Anali mnyamata wonenepa, wa tayi, thukuta lili kamukamu, ndipo manyazi a alendo ake a msonkhano anawasandutsa ukali.

"Bokosi la alamu ku ofesi likuonetsa mbali ya kumbuyo," anakuwa. "Kumeneko kuli inu a ukwati nokha. Wina wafukitsa utsi m'chipinda. Ndani? Simunena? Chabwino, ndilowa ndekha chipinda chimodzichimodzi. Amene ndimupeze atuluka pano ndi katundu wake anthu onsewa akuona."

Mayi aja anaweramitsa mutu mpaka chipumi chinatsala pang'ono kugunda mawondo. Ndinaona zimene zinkabwera. Mwamuna wachilendo alowa m'chipinda cha mkwatibwi, zovala zamkati zili poyera padengu, atulutsa phale, ndipo mayi wamkulu akalipiridwa ngati mwana pamaso pa amuna ake, pamaso pa ife akuchimuna, ndi pamaso pa anthu a timakadi amene anali atayamba kale kutulutsa mafoni. Bambo a mtsikana anali mbali ina ndi azibambo anzawo, sanamve fungo lililonse. Maso awo anali pa munthu mmodzi basi, mlongo wanga.

Bwana uja atangoponya phazi kulowera kuzipinda, mlongo wanga anatuluka pagulu. Anali atavala kale kanzu yake.

"Bwana, musavutike," anatero. "Ndine. Ndinakoka vepu m'chipinda."

Vepu yake iti? Kanthuko kanali m'chikwama changa, chikwamacho chili m'khwapa mwanga!

"Ndinadziwa!" anatero bwana uja. "Anyamata inu mumati ndi nthunzi, ndi nthunzi. Alamu sidziwa zimenezo!" Anapitiriza kulalata, koma palibe amene ankamumvera. Tonse tinali titatembenukira kwa bambo a mtsikana.

Bambowo anatsokomola nthawi yaitali. Atatha anapukuta pakamwa, n'kulankhula mosakweza mawu.

"Alhamdulillah kuti ndadziwa lero, osati mawa. Nikah palibe. Azimayi, longedzani."

Pansi pa chitenje paja panatuluka kulira kochepa, ngati kwa mwana wa mbuzi. Amalume anagwira kumutu. Ine magazi anandikwera. Ndinafuna kumumenya khofi mlongo wangayo pomwepo, kanzu yakeyo ndi ndevu zakezo. Chitsiru cha munthu! Nzimbe zonse zija, kupsa mtima konse kuja, mtsikana wabwino ngati ameneyu, n'kuzitaya chifukwa cha bodza loti palibe anamupempha? Dzanja langa linali litalowa kale m'chikwama. Ndinati nditulutse kanthuka ndikakweze m'mwamba aliyense aone.

Iye anandiyang'ana. Anangopukusa mutu pang'ono. Maso amenewo ndimawadziwa kuyambira ali wamng'ono, ndi amene ankandiyang'ana nawo akafuna kuti ndisakamenyane ndi ana amene amuputa. Ndinamvetsa chimene ankanena. Ndikakuwa ine, bwana uja alowabe m'chipinda chija, ndipo amene aloze mayiwo chala pagulu ndikhala ine, mlamu wa mwana wawo. Ukwati wotero ukanayamba ndi bala loti silikanapola.

Koma kukhala chete ndiye ayi. Ine sindinalere mwana kuti azifera zolakwa za eni. Nkhaniyi inali ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo anayenera kudziwa mtengo umene wina akumulipirira.

Ndinapita kukhoma kuja, n'kunjuta pafupi ndi mayi aja ngati ndikuwapepesa. Ndinatsegula chikwama pamwendo pawo, n'kufunyulula kampango kaja pang'ono, moti anaona iwo okha.

"Mayi, taonani," ndinanong'ona. "Kali ndi ine kuyambira dzulo. Anandipatsa yekha. Mwana uja sanasute, ndipo inu mukudziwa. Ine sindinena kanthu. Zili kwa inu."

Anayang'ana kanduduko, n'kuyang'ana chitenje chimene munali mwana wawo. Koma mlongo wanga, mayiwo sanamuyang'ane, poti mwambo suwalola. Ndinaganiza kuti basi, mantha awapambana, ndipo ndinayamba kale kukonza mawu oti ndiwanene ndikaphulika. Koma anagwira khoma, n'kudzuka, n'kumanga chitenje chawo bwinobwino. Anadutsa pakati pa anthu onse aja osayang'ana kumbali, n'kulowa m'chipinda.

Anatuluka atanyamula phale ndi manja awiri, kautsi kakutulukabe. Anayenda mpaka pamene panaima amuna awo, n'kugwada, n'kuliika pamapazi awo.

"Utsi wake ndi uwu," anatero. Mawu aja apansipansi tsiku limenelo anamveka bwalo lonse. "Munandiletsa, ine sindinamvere. Ndimafukiza zovala za mwana wanga monga anandichitira amayi anga. Za kambale ka kudenga sindimazidziwa. Ngati pali wotuluka ndi katundu wake, ndine. Mwana wa eniyo sanasute. Chinthu chakecho chili m'chikwama cha achemwali ake."

Fungo la ubani linafalikira, ndipo mayi wina wa timakadi, amene ndikuganiza kuti kwawo n'komwe kuno, anati, "Ayi ndithu, ndi ubani uwu," ngati wakumbuka kwawo. Kukalipira mnyamata wa ndevu n'kosavuta, koma mayi wogwada ndi phale anamusowetsa bwana uja poyambira. Anangoti, "Mayi, ubani panja. Chonde, panja," n'kupita kukatsegula mazenera.

Bambo aja anayang'ana phale, n'kuyang'ana akazi awo, kenako mlongo wanga.

"Iwe. Wanama pamaso panga?"

"Eya, baba."

"Chifukwa?"

Mlongo wanga anangoyang'ana pansi. Akanayankha bwanji? Kutchula apongozi ake pagulu sakanatha. Anangoima choncho, thukuta likutsika m'ndevu zake zija, kanzu itamatirira kumsana.

Bambowo ndi munthu woti bodza amadana nalo ngati mmene amadanira ndi fodya. Anatsokomolanso. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Chinthucho chili kuti?"

Ndinawapatsa, ndi kampango komwe. Anakatembenuza uku ndi uku, anakanunkhiza, n'kukwinya nkhope. Kenako anakaponya m'thumba la kanzu yawo.

"Kakakhala kwanga ku Nselema," anauza mlongo wanga. "Tsiku limene udzakafune, udzabwere udzandipemphe mkazi wako ali pomwepo." Atatero anayang'ana anthu onse ngati ndife tawachedwetsa. "Nanga mwaimiranji? Shehe akudikira."

Nthungululu zinalira, zoyamba zinali zanga. Azakhali anabweza mkwatibwi m'chipinda akuseka ndi misozi. Bambowo sanawadzutse akazi awo ndi dzanja, si anthu a zimenezo, koma ndinawamva akunena chapansipansi kuti, "Dzukani, mwadetsa chitenje."

Ine ndinapita kwa mlongo wanga ndili ndi mawu anga okonzeka, ndipo sanali ofewa. Ndinali nditangoyamba kuti, "Iwe, mutu wakowo umagwira?" pamene wina anandikoka chitenje kumbuyo. Anali mayi aja, phale lili m'manja. Anaima chotifulatira, nkhope ataloza kukhoma, mpango ataukokera kumaso, mlongo wanga ali pomwepo moti akanatha kumva ngakhale kupuma kwawo. Koma analankhula ndi ine, monga mwa mwambo.

"Muwauze," anayamba, n'kuima. "Mumuuze mwana wangayo avule kanzuyo, yanyowa ndi thukuta. Abweretse kuno ndimuumitsire. Makala akadalipo."

Mkamwini satchedwa choncho kwathu tsiku loyamba, ndipo chovala chake apongozi sachigwira. Ndinatembenuka kuti ndifikitse uthengawo, koma sizinafunikenso. Mlongo wanga anali atamva, ndipo ankapukuta m'maso ndi mkono wa kanzu yomweyo.

Anafukizira panja, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa khitchini. Ine ndinagwira dengu, iwo anayala kanzuyo pamwamba, n'kumaiwongola makwinya ndi chikhatho pang'onopang'ono, ngati mmene anachitira ndi zovala za mwana wawo. Utsi unkakwera m'masamba a mango popanda kambale kokuwa.

Kumzikiti ife azimayi timakhala mbali yathuyathu, ndiye mawu a bambo aja ovomera ndinangowamvera kuseri kwa nsalu. Koma atatuluka, mlongo wanga anabwera kudzandigwira dzanja, ndipo fungo lija linandipeza iye asanafike. Mwana amene ndinalimbana naye nthawi yonse ija chifukwa cha utsi anakwatira akununkhira utsi kuyambira kukhosi mpaka kumapazi. Ndinamugwira mkono wa kanzu, ndinaika nkhope yanga pamenepo, ndipo ndinalira anthu akuona, ine amene sindilira pagulu.

Kandudu kaja mpaka lero kali ku Nselema, sanapite kukakapempha. Iye ndi apongozi akewo akakumana panjira amapatukiranabe, ndipo sanalankhulanepo. Koma mayiwo akabwera pa Ulongwe kudzagula mpunga, asanafunse za mwana wawo wobereka kapena za zidzukulu, amayamba ndi kundifunsa kuti, "Mwana wanga uja wadzuka bwanji?"